Kansalu Kofiira pa Handulo

Amayi atationa tikutsitsa njinga pagalimoto, anachita tsinya ngati alawa ndimu. Moni wa Sipoko anauyankha ndi mphuno. Anayang'ana matayala a mazinomazino aja, n'kuyang'ana matailosi oyera a m'nyumba imene ababa anachita lendi pamwamba pa phiri kuti banja lonse tipumulireko pa tchuthi.

"Zimenezi muno sizilowa," anatero. "Nyumbayi ili ndi eni ake."

"Zitatuzi zigona m'galaja, mayi," Sipoko anayankha, chipewa chili m'manja. "Koma yakudayi ndimaisunga kuchipinda komwe ndagona."

"Ndi mkazi wanu kodi?"

Achemwali anga anaseka mpaka kugwirira chitseko. Ine sindinaseke, mtima unali m'malere chiyambire ulendo.

Sipoko ndi mphunzitsi, wamtali, wowonda moti anzake opalasa nawo njinga m'mapiri anamutcha dzina la kawaya ka m'gudumu, ndipo linamukanirira. Ndimamukonda, sindibisa. Vuto ndi lakuti chaka chatha ananditenga kukapalasa, ine n'kugwa pamiyala, fupa la paphewa n'kuthyoka. Chitulukireni m'chipatala muja, kwathu dzina lake linasintha. Amayi amangoti "uja anakuthyola uja." Ababa sananene kanthu, ndipo ababa akakhala chete m'pamene munthu umayenera kuopa.

Mwezi watha anandiimbira foni okha. "Chitsiriza, mnzako uja abwere ku tchuthi, atenge ndi njinga zakezo. Ndikufuna ndikwere ndekha, ndione ndi maso anga chimene amakutengera kumapiriko. Tikatsika ndidzakuuza ngati ndikumulandira pakhomo panga kapena ayi." Ababa sabweza mawu. Akadzati ayi, ndiye kuti ayi mpaka kalekale, ndipo ine ndidzayenera kusankha pakati pa iwo ndi iye.

Njinga yakuda ija inakagona m'galaja pamodzi ndi zinzake. Sipoko asanatseke chitseko anamangitsa bwino kansalu kofiira kamene kamakhala pahandulo yake, n'kukokanso mfundo yake kawiri.

* * *

Njinga yachinayi amayi anandiuza kuti ndi ya alamu, amuna a achemwali. Nditawafunsa alamuwo ngati chishalo chili bwino pa msinkhu wawo, ananditong'olera maso.

"Ine njinga? Ndi mimba iyi? Wakunamiza ndani, mlamu?"

Yankho linalowa pageti masana omwewo, m'galimoto yotsukidwa mpaka matayala. Anatsika Wamano, atanyamula maluwa a amayi ndi botolo la ababa. Ndi mwana wa mnzawo wa amayi, dokotala wa mano, tinakulira mumsewu umodzi. Anandifunsirapo kawiri, ndinamukana kawiri, koma iye ndi amayi kukana kwanga amakutenga ngati chimfine choti chidzatha chokha.

"Ndinangoti mwana wa mnzanga asakhale yekha pa tchuthi," anatero amayi osandiyang'ana. "Nayenso njinga amaidziwa."

Anatipeza m'galaja, Sipoko akupopa matayala. Anapatsana moni wa m'mano. Wamano anazungulira njinga zonse, manja ali m'thumba, kenako anaima pa yakuda ija. Anaikankha pang'ono n'kufinya buleki.

"Aphunzitsi, iyi yasokonekera. Ndafinya kumanzere, koma laima ndi tayala lakutsogolo."

"Siinasokonekere. Ndinatembenuza dala." Sipoko anatambasula dzanja lake lamanja. Zala ziwiri zapakati sizipindika mpaka kumapeto, galasi la windo linamudula mtsempha ali mnyamata. "Potsetsereka, buleki imene imaimitsadi njinga ndi yakutsogolo, ndiye imafuna dzanja lamphamvu. Pa njinga zinazi ili kumanja. Pa yangayi ndinaisamutsira kumanzere."

"Nanga wina atakwera osadziwa?"

"Akafinya kumanzere poganiza kuti ndi yakumbuyo, tayala lakutsogolo limaima nji, iye n'kuulukira pamwamba pa handulo. N'chifukwa chake pali kansaluka. Onse amene timapalasa limodzi amadziwa kuti njinga ya kansalu kofiira sabwereka."

Wamano anamwetulira, mano onse pamtunda, oyera ngati a pa chikwangwani cha kuchipatala kwake. Anakhudza kansalu kaja ndi chala chimodzi.

"Nzeru zabwino," anatero. "Madala akudziwa za dzanjali?"

Anatuluka akuimba mluzu.

* * *

"Ndiwauza pa chakudya chamadzulo," anatero Sipoko titatsala awiri.

"Usayerekeze."

"Iwe, ndi nkhani ya chitetezo iyi. Aliyense amene ali pafupi ndi njingayi ayenera kudziwa. Ndi mmene timachitira."

"Ndi mmene mumachitira ndi anzako, osati ndi amayi anga. Ukangoti dzanja langa siligwira bwino, ukudziwa chimene amve? Amva kuti mwana wawo anatengedwa kuphiri ndi munthu wolumala dzanja, n'chifukwa chake anagwa. Ulendo wa mawa uthera pomwepo, ndipo ababa yankho lawo apereka asanakwere n'komwe."

"Kugwa kwako sikunakhudzane ndi dzanja langa."

"Ine ndikudziwa. Iwo sakufuna kudziwa."

Anakhala pansi pa bokosi la zipangizo, akupukuta girisi m'manja. Sipoko bodza silimukhala, ngakhale la kungokhala chete limamuyabwa. Ndinagwada patsogolo pake n'kugwira dzanja lomwelo.

"Tsiku limodzi lokha," ndinamuchonderera. "Njinga ukwera ndiwe, palibe wina aigwire. Tikatsika, ababa akanena mawu awo, ndidzawauza ndekha zonse. Ndachita mantha, Sipoko. Sindikufuna kukutaya chifukwa cha zala ziwiri."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga mnzako wa mano uja? Akudziwa kale."

"Ameneyo akaulula, aoneka wamiseche. Amadzisamala kwambiri pamaso pa ababa."

Anagwedeza mutu, koma sanavomere ndi pakamwa. Ndinaona ngati ndapambana.

* * *

Dzuwa litapendeka ababa anatuluka atavala kabudula amene sindinamuonepo chibadwire. Miyendo yawo inali mbuu, koma anayenda ngati msilikali.

"Musandione imvizi," anauza Sipoko. "Ine ndapalasa njinga kupita kuntchito zaka zambiri, mayi akewa ali pakaliyala, mwana ali kumsana. Funsani."

"Inali njinga ya anthu imene ija," amayi anayankhira pakhonde. "Osati zothyola ana a eni izi."

Sipoko anawapatsa yabuluu. Anawatsitsira chishalo, n'kuwamanga chisoti pachibwano, ababa akudandaula kuti chikuwatsamwitsa. Kenako anayamba kuwaphunzitsa pa kamtunda ka pabwalo.

"Mukayamba kutsika, bambo, thupi libwerere kumbuyo. Muyambe kufinya kumanzere, ndiyo yakumbuyo. Kumanja muzingowonjezera pang'onopang'ono."

"Kumanzere poyamba."

"Eya. Mukachita mantha, kumanzere."

"Ine sindichita mantha. Koma kumanzere poyamba."

Ababa akaphunzira chinthu amachigwira ndi mtima wonse. Anatsika kamtunda kaja kambirimbiri, akunena okha mokweza ngati mwana wa sukulu, "Kumanzere poyamba, kumanzere poyamba," tayala lakumbuyo likukhwekhwereza fumbi. Ulendo wina anaseka. Ndinali ndisanawamve akuseka pamaso pa Sipoko, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga.

Akubweza njinga m'galaja, maso awo anagwera pa yakuda ija. Anainyamula ndi dzanja limodzi.

"Iyi ndiye njinga. Yopepuka ngati nkhuku. Bwanji mwandipatsa chigalimoto ichi, yabwino mwadzisungira?"

Sipoko anatsegula pakamwa. Ndinamudula.

"Ndi yaitali kwambiri, ababa. Simungafike pansi."

Ababa anayang'ana Sipoko, anadziyang'ana okha. Amasiyana pang'ono chabe.

"Ndafupika liti ine?" anafunsa. Anaibweza pakhoma mosafuna, n'kuisisita pachishalo. Wamano anali atatsamira pachitseko, akumva zonse.

* * *

Titatha kudya, achemwali anachotsa mbale, Sipoko n'kuyala patebulo mapu amene eni nyumba amasiyira alendo. Anaika kapu pakona iliyonse kuti asapindike.

"Njira zilipo ziwiri," anayamba. "Zonse zimayambira pageti, n'kuyenda kamtunda ndithu pamalo athyathyathya m'mitengo. Zimasiyana pa mlatho wamatabwa. Yakumanzere imazungulira phiri, imatsika mofatsa mpaka kudambo. Yakumanja imatsika molunjika m'miyala. Ine ndikuti titenge yozungulira."

"Chitsiriza anagwera pa njira yotani?" anafunsa ababa.

"Yamiyala, bambo. Kuphiri lina, koma yofanana ndi iyi."

"Ndiye mukufuna mundionetse njira ya agogo, ine ndiziti ndaona?"

"Mwinatu aphunzitsi akuganizira msinkhu wanu," anatero Wamano mofatsa, akuthira ababa tiyi. "Sikulakwa. Pa zaka zanuzi anthu ambiri amangoyenda pansi m'mawa, basi."

Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo. Sanasinthe nkhope.

"Abambo ake, musamvere za anawa," amayi analowerera. "Mukathyoka inu, akusamaleni ndani? Ine msana wanga mukuudziwa."

Koma mawu a Wamano anali atalowa kale. Ababa anaika chala chawo chonenepa pa mzere wa kumanja uja.

"Yamiyala."

Sipoko anapuma mozama. "Chabwino, bambo. Koma pali malamulo. Nditsogola ndine. Ndikakweza dzanja, aliyense atsike, tikankhe njinga mpaka ndinene kuti tikwerenso. Pali malo awiri amene sindilola munthu woyamba kumene kutsika ali pachishalo."

"Pakhomo panga amatsogola ndine."

"Paphiri nditsogola ndine, bambo. Apo ayi njinga zanga sizituluka m'galaja."

Alamu anasiya supuni m'kapu. Achemwali ananditsina pantchafu. Chibadwire sindinamvepo munthu akuwayankha ababa chotero, ndipo sindinadziwe ngati ndinyadire kapena ndilire.

Ababa anamuyang'ana Sipoko kuyambira kumutu mpaka pamene tebulo linamubisa.

"Muli ndi pakamwa, aphunzitsi," anatero. "Mawa tiona ngati muli ndi miyendo. Tinyamuka tikamwa tiyi."

Anadzuka n'kupita kuchipinda. Amayi anawatsatira, akung'ung'udza za anthu obwera kudzalamula m'nyumba za eni. Sipoko akupinda mapu anandinong'oneza.

"Waona mmene anaigwirira njinga ija? Mawa tisananyamuke ndiwauza. Ukwiye, usakwiye."

* * *

Ndinali kutsuka makapu pamene foni inanjenjemera m'thumba. Uthenga wa Wamano, munthu ali m'chipinda chapafupi pomwepo.

"Sindimafuna kukuwonongera tchuthi. Koma ndiwe mlongo wanga, sindingakhale chete."

Pansi pake panali chithunzi. Sipoko atakhala pabenchi m'khonde la nyumba ina, pafupi ndi mkazi wa tsitsi lalifupi. Mkaziyo anali atagwira dzanja lake ndi manja awiri, ataliika pamwendo pake, mitu yawo itayandikana. Sipoko anali atavala shati imene ndinamugulira ine mwezi wathawu.

Kapu inandipulumuka n'kugwera m'sinki.

"Unachitenga kuti?" ndinalemba, zala zili ndi thovu.

"Pansi pa ofesi yanga. Amabwera sabata iliyonse. Ndakhala ndikuwaona pawindo."

"Bwanji osandiuza kale?"

"Ukanandikhulupirira? Umandiona ngati mdani. Ine ndimangofuna usathyoke kachiwiri."

Ndinachikulitsa chithunzicho mpaka nkhope ya mkaziyo inasanduka timabokosi. Ndi wokongola, ndisaname. Ndipo Sipoko, amene amati sangathe kusunga chinsinsi cha buleki tsiku limodzi, anali atandibisira ichi milungu yonseyi.

Sipoko anabwera kukhitchini ndi nsalu yopukutira mbale. "Ndikuthandize?"

"Ndatha."

"Wakwiya chifukwa cha zija ndanena?"

"Ndatopa. Tionana mawa."

Ndinamudutsa osamukhudza. Uthenga wake unandipeza kuchipinda: "Ndalakwa chiyani?" Kenako wina: "Ugone bwino, wanga." Ndinaitembenuza foni chafufumimba. Achemwali, amene anabwera kudzabwereka mafuta odzola, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nkhope imeneyo ndi ya nkhani za mwamuna, si ya mutu wowawa."

* * *

M'mawa ndinamupeza pakhonde atavala kale zopalasira, akudikira kuti ababa atuluke kubafa.

"Tiye kuseri," ndinatero.

"Ndiyambe ndalankhula ndi bambo."

"Uyambe walankhula ndi ine. Apo ayi palibenso chifukwa cholankhulira nawo."

Anaona kuti sindikuseka. Tinakwera kanjira ka kuseri kwa nyumba mpaka pa thanki yamadzi, pamene mawu sangafike kukhitchini. Ndinamuika foni kumaso.

Anayang'ana chithunzicho, n'kutseka maso.

"Wakupatsa ndi Wamano."

"Zilibe ntchito. Ndi ndani?"

"Ndi dokotala wa dzanjali. Amandiwongola zala. Chipinda chake chili pansi pa ofesi ya mnzakoyo, ndipo tsiku limenelo munali anthu ambiri, anandionera pabenchi. Iyeyo akumudziwa bwino, amapatsana moni pamasitepe."

"Dokotala amene sindinamumvepo? Sabata iliyonse?"

Anatulutsa foni yake, n'kundipatsa osaitseka. Mauthenga a mayiyo anali a masiku okumana ndi zithunzi za mmene angafinyire kampira. Womaliza unali wa dzana. Unati asaiwale zimene anamuuza: dzanja lafooka kuposa kale, kupalasa pamalo athyathyathya palibe vuto, koma kutsika m'miyala ayi, mpaka atachitidwa opaleshoni.

Ndinawerenga kawiri.

"Opaleshoni?"

"Chala chachitatu chayambanso kuuma. Sindinakuuze chifukwa ukanauza bambo kuti ulendo walephereka, iwo n'kuganiza kuti ndathawa." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Pa njinga yanga ndikhoza kutsika, dzanja lamanzere ndi limene ligwire ntchito yaikulu. Pa njinga ina iliyonse, m'miyala muja, sindingaime. Ndiye ndinati nditsika kamodzi kokha, ndipeze mkazi, kenako akang'ambe dzanjalo."

"Ndiwe chitsiru," ndinatero, misozi ikutsika. "Ukanandiuza."

"Iwenso ukanandifunsa dzulo lomwe, m'malo mondigonetsa ndi mtima uli m'mwamba."

Ndinamukumbatira, nkhope ndinaibisa m'shati yake yonunkha mafuta a tcheni. Ndinachita manyazi, ndinachitanso ukali. Wamano ankadziwa kuti mayi uja ndi ndani. Anandiponyera chithunzicho dala, ine n'kumeza ngati nsomba yanjala.

"Koma anafuna apindulenji?" ndinafunsa. "Ankadziwa kuti ndikufunsa, iwe n'kundiuza zoona."

Sipoko anandimasula pang'onopang'ono. Anayang'ana kumene tinachokera, denga la nyumba likuoneka m'munsi mwa mitengo.

"Takhala kuno nthawi yaitali bwanji?" anafunsa.

* * *

Tinatsika chothamanga. Chitseko cha galaja chinali chotsegula. Yabuluu inali pakhoma, yanga inali pakhoma, ya Wamano inali pakhoma. Pamene panali yakuda panangotsala mzere wa tayala pafumbi.

Pakhonde amayi anali kupaka batala pabuledi. Wamano anakhala pambali pawo, atapiringiza miyendo, kapu ili m'manja.

"Ababa ali kuti?" Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina.

"Atsogola," anatero amayi. "Anakufunani, osakupezani. Akuti iwo sadikira anthu amene amalamula usiku, m'mawa n'kukabisala kuthengo ndi ana a eni. Mukawapeza kumunsi."

"Pa njinga iti, mayi?" anafunsa Sipoko, ngakhale anali ataona kale.

"Yakuda ija. Mwana wa mnzangayu ananena zoona, mutu wa banja sungakwere yotsalira pamene mlendo wadzisungira yabwino. Ndipo afika pansi bwinobwino, za kutalika zija linali bodza." Amayi analoza ndi mpeni patebulo. "Kansanza kanu ako. Ndinakamasula, kamawachititsa manyazi."

Kansalu kofiira kanali pafupi ndi shuga, katapindidwa bwino.

Ndinatembenukira kwa Wamano. "Unali pompo dzulo. Unamva zonse za mabuleki."

"Mabuleki?" Anakweza nsidze, n'kuika kapu pansi mosamala. "Aa, zija. Ndinaganiza kuti munawauza kale madala. Nkhani yaikulu ngati imeneyo mungawabisire?"

"Mabuleki atani?" anafunsa amayi. Mpeni unaima m'mwamba. "Chitsiriza, mabuleki atani?"

Ndinaimba foni ya ababa. Inalira pawindo la kukhitchini, pafupi ndi magalasi awo. M'mutu mwanga munkangomveka mawu awo a dzulo, onyada, a mwana wa sukulu amene wagwira phunziro: kumanzere poyamba, kumanzere poyamba.

"Anyamuka liti?" Sipoko anafunsa alamu, amene anatulukira pakhomo ndi mswachi m'kamwa.

"Posachedwapa. Mwina akuyandikira kamlatho kaja."

"Tengani galimoto, mutsike ndi msewu waukulu mpaka kudambo, mukadikire kumene njira yamiyala imathera. Iwe Chitsiriza, pita nawo."

"Galimoto singalowe m'mitengo muja," ndinatero. "Awapeza ndani asanafike pamiyala? Ndipita ine."

"Sungawapeze. Ukudziwa."

Ndinkadziwa. Pa tonsefe, amene akanatha kuwapeza anali mmodzi yekha. Anali atalowa kale m'galaja, n'kutuluka ndi yabuluu, akukweza chishalo ali chiyendere. Ndinagwira handulo ndi manja awiri.

"Iyi buleki yakutsogolo ili kumanja. Wandiuza wekha kuti ndi dzanja lakoli pa njinga ina sungaime. Tembenuza kaye mabuleki."

"Nthawi imeneyo palibe."

"Sipoko, dokotala anati..."

"Ndawaphunzitsa ndine kufinya kumanzere," anatero motsitsa mawu. "Siya handulo, wanga."

Ndinasiya. Anadumphira pachishalo, chisoti osamanga, n'kutuluka pageti ataimirira pamapedulo, timiyala tikuthethekera kumbuyo. Posakhalitsa mitengo inamumeza.

Amayi anali ataimirira tsopano, buledi atagwera pansi. Anandigwira paphewa, lomwe lija linathyoka, n'kunditembenuza kuti ndiwayang'ane.

"Dokotala wa chiyani? Dzanja lake latani? Njinga imene akwera abambo ako yatani?" anafunsa motsatizana. "Iwe unkadziwa?"

Kumbuyo kwawo alamu anali kulimbana ndi makiyi a galimoto. Wamano anatola kansalu kofiira kaja patebulo n'kundipatsira, ngati munthu wachifundo amene waona mnzake akulira.

"Auze, Chitsiriza," anatero. "Auze amene anamuletsa mphunzitsi kunena."